ZA CINONI CA MCEWERE, NDI MPHAMVU IMENE MBEU IBADWA NAYO



Pali mbeu imodzi imene anthu a kumapiri amaipeputsa, koma okhala m'maiko otentha aidziwa kuti ndiyo bwenzi la tsiku la njala, ndiyo mcewere. Abale athu a ku cigwa ca Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, aulima kufikira lero, pakuti ubala m'nthaka ya mcenga ndi pa mvula yocepa, pamene cimanga cifota ndi kuuma. Anthu akale anayamba kuulima kumadzulo kwa Afrika, m'dziko limene lero ndi Mali, zaka zoposa 4,000 zapitazo, ndipo unafalikira kufikira ku India, kumene amati bajra, ndi ku Namibia, kumene amati mahangu. Tsono mbeu iyi iri ndi mdani wace wamkuru. Tifuna kufotokoza za mdaniyo, ndi umo anthu anapezera cida comlaka naco m'kati mwa mbeu momwemo, pakuti mbiri yace iri ndi cenjezo kwa yense wakusunga mbeu.

Maonekedwe a nthendayi

Aneneri Amosi ndi Hagai ananena za cinoni cogwera minda ya Israyeli. Iwo ananena za mbeu za kwao, koma ife tibwereka dzinalo, nthenda iyi tiziiti cinoni ca mcewere. Pa Cingerezi amati downy mildew, ndipo kamoyo kocititsa nthendayi anzeru anakapatsa dzina la Sclerospora graminicola. Munthu wina wophunzira za nthenda za mbeu, E. J. Butler, anailongosola ku India m'caka ca 1907.

Iyamba mbeu ikali yaing'ono. Tsamba limbuwa kuyambira m'tsinde mwace, nsonga ikali yobiriwira, ndipo tsamba liri lonse lophuka pambuyo pace limbuwa koposa linzace. Mukatembenuza tsambalo mamawa, mame asanaume, mudzaona kunsi kwace zoyera ngati ufa wowazidwa. Mbeu zina zipinimbira, nizifa zisanatulutse ngala. Zina zikula ndithu, koma ngala yace, m'malo mwa kubala maso, iphuka timasamba topotana ngati ndebvu za mbuzi, ndipo mwini munda sapezamo kanthu ka kupuntha.

Umo iyendera

Kamoyo aka kali ndi njere za mitundu iwiri, zazing'ono zosaoneka ndi maso koma ndi galasi lokuza zinthu. Za mtundu woyamba ziri ndi khungu lolimba. Zipangika m'masamba odwala, ndipo mapesi akaola zitsala m'nthaka zaka zingapo, kudikira mbeu yatsopano. Zikhozanso kumamatira pa mbeu za m'nkhokwe ndi kupita nazo ku munda wina. Za mtundu waciwiri ndizo zoyera zija za kunsi kwa tsamba. Zibadwa usiku wa cinyontho, mphepo niziulutsa, ndipo zikagwera pa tsamba lonyowa zitulutsa tizamoyo ta micira iwiri, tosambira m'dontho la mame kufikira titalowa m'mbeu yanthete. Izi sizikhala nthawi, dzuwa likakwera zifa. Koma usiku uli wonse zibadwa zina zosawerengeka. Cotero mbeu zowerengeka zodwala zikhoza kupatsira munda wonse m'masiku a mvula yamvumbi.

Mphamvu yobadwa nayo

Koma yense wakuyenda m'munda wodwala aona cinthu codabwitsa: pakati pa mapesi opinimbira paima ena athanzi, ngakhale nthaka ndi imodzi, mame ndi amodzi. Cifukwa cace nciani? Akuru anati, Make mbuu, mwana mbuu. Monga mwana atenga msinkhu ndi nkhope kwa atate ndi amai ace, momwemonso mbeu itenga makhalidwe kwa makolo ace. Woyamba kulongosola malamulo a zimenezi ndiye Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, amene anakwatitsa nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1866.

Lero tidziwa kuti makhalidwewo alembedwa m'timagawo tating'ono ta thupi la mbeu, m'zinthu zimene amati majini, ndipo majini a mcewere andandalikidwa pa timizere 14, 7 tocokera kwa mai ndi 7 kwa tate. Ena mwa majiniwo ali ngati mlonda wa pa linga. Kamoyo kakayamba kulowa, mlondayo akazindikira, mbeu niumitsa makoma ace, nilola timagawo towerengeka tife pa khomo pomwepo, kuti mdani asowe cakudya ndi njira. Mbeu yopanda mlonda woteroyo siidziwa kuti yalowedwa kufikira nthenda itafika pa mtima pace. Ndipo kawirikawiri mukakwatitsa mcewere wolimba ndi wofoka, ana ace atenga kulimbako.

Koma mdaninso ali ndi mafuko ace. Cinoni ca ku Nigeria sicifanana m'zonse ndi ca ku India, ngakhale m'India momwemo ca dera lina cisiyana ndi ca dera lina, ndipo mlonda wodziwa nkhope ya pfuko limodzi akhoza kulola lina lipite osalizindikira.

Mcewere wa makolo uli ndi cikopa pa ici. Pa ngala yace mbali yacikazi ikhwima masiku owerengeka mungu usanatuluke, cotero ilandira mungu wa mapesi ena wobwera ndi mphepo. M'munda umodzi mulibe mapesi awiri ofanana konse. Lina liri ndi mlonda uyu, lina uyo. Nthenda ikantha ena, nilephera ena, ndipo sipeza njira yoongoka ya kutha munda wonse.

Cimene cinacitika ku India

M'dziko la America, pa malo a Tifton m'cigawo ca Georgia, Glenn Burton anapeza mcewere wosatulutsa mungu, umene anaupatsa dzina la Tift 23A. Mcewere wotere ngwothandiza pa kukwatitsa mbeu, pakuti ukabzalidwa pambali pa tate amene mwasankha, ana ace onse ndi a tate yemweyo. Anthu a ku India anautenga, ndipo m'caka ca 1965 sukulu yaikuru ya ulimi ya ku Ludhiana inatulutsa mbeu ya haibridi yoyamba, HB 1. Pambuyo pace panadza HB 3 ndi ena. Mbeuzi zinabala koposa za makolo, alimi nazikonda, ndipo m'nyengo ya 1970 kufikira 1971 dziko lija linakolola matani a mcewere monga 8 miliyoni, ocuruka koposa kale lonse.

Koma cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Mahaibridi aja anali a mai mmodzi, ndipo maiyo analeredwa ku dziko kumene cinoni ici sicigwira mcewere, kotero panalibe comuyesa. M'munda wa HB 3 phesi liri lonse linali mbale weniweni wa linzace, ndi minda yotere inayalana mitunda yambirimbiri. Nthenda itadziwa khomo la phesi limodzi, inadziwa makomo onse. Mliri unabuka m'caka ca 1971, ndipo zokolola za nyengo yotsatira zinatsika kufikira matani monga 5 miliyoni. Anatulutsa haibridi wina, BJ 104, amene anaima zaka zowerengeka. Koma m'zaka za m'ma 1980 iyenso anagwa, pakuti mwa njere zosawerengeka za kamoyo kaja munapezeka zina zomkhoza, ndipo zimenezo zinacurukana m'nthaka caka ndi caka.

Kumene thandizo linacokera

M'caka ca 1972 panakhazikitsidwa bungwe la ICRISAT pafupi ndi mzinda wa Hyderabad, la kufufuza mbeu za maiko ouma. Anchito ace anasonkhanitsa mcewere wa mitundu zikwi zambiri, napangira nthendayo munda wace: anayamba kubzala mizere ya mcewere wofoka, nainyowetsa madzulo kuti cinoni cicuruke, ndipo pakati pa mizereyo anabzala mitundu yoyesedwa. Umene unaima wathanzi m'ng'anjo yotere anausunga. Ndipo mitundu yambiri yolimba inapezeka kuti njocokera kumadzulo kwa Afrika, kumene mcewere ndi cinoni zalimbana kuyambira kale lomwe.

Mwa iyo munali mcewere wa alimi a kumpoto kwa Togo, dzina lace Iniadi, wa maso akuru ndi wakuca msanga. Mwa umenewo anasankha mbeu ya ICTP 8203, imene inaperekedwa kwa alimi a ku India m'caka ca 1988. Ndipo mcewere wa mbumba yomweyo unafika ku Namibia, alimi nausankha okha, ndipo pofika 1990 unadziwika ndi dzina la Okashana 1. Taonani, amai osadziwika maina, amene anapatula ngala zabwino ndi kuzipacika pa utsi mibadwo mibadwo, ndiwo anasungira alimi a kutsidya kwa nyanja mankhwala a nthenda yao.

Pambuyo pace anzeru anaphunzira kuwerenga zizindikiro za m'majini, kuti adziwe mwana amene watenga mlonda mbeu ikali yaing'ono. Alimi a ku Haryana ndi Rajasthan anakonda haibridi wa HHB 67, wakuca m'masiku monga 65. Ndipo pamene cinoni cinayamba kumgwira, anthu sanadikire mliri, koma anaonjezera alonda atsopano mwa makolo ace, natulutsa HHB 67 Improved m'caka ca 2005, ndi wina womtsata mu 2021. Aliponso mankhwala opaka mbeu, a metalaxyl, ocinjiriza mbeu masabata oyamba. Koma amenewo afuna ndalama caka ciri conse, pamene mphamvu yobadwa nayo idza m'mbeu momwemo.

Zimene ife tiyenera kucita

Coyamba, tiyendere minda yathu m'mwezi woyamba mbeu zitamera, ndipo phesi lombuwa tilizule ndi kulitentha, lisagone m'munda.

Caciwiri, pamene nthenda yacuruka tisabwereze mcewere caka ndi caka, koma tisinthe ndi khobwe, nandolo kapena mtedza, zimene kamoyo aka sikazigwira.

Cacitatu, posankha mbeu titenge ngala za mapesi athanzi okha okha, ndipo zikhale zambiri, za m'mbali zonse za munda. Wakutenga mbeu yace yonse pa ngala ziwiri kapena zitatu zokongola acepsa alonda a munda wace.

Cacinai, mbeu yatsopano ikadza ndi alangizi tiilandire ndi kuiyesa, pakuti yathandiza ambiri. Koma tifunse ngati iri haibridi, cifukwa ana a haibridi safanana ndi kholo lao, ndipo ifunika kugula yatsopano caka ciri conse. Tisataye mbeu ya makolo, ndipo mudzi wonse usatsamire pa mtundu umodzi zaka zambiri. Mtundu umene unali wolimba ukayamba kudwala, tiuze alangizi msanga.

Inu aphunzitsi, tengani ana a sukulu mamawa kunka nao ku munda. Atembenuze masamba, awerenge mapesi odwala ndi athanzi pa mzere uli wonse, namange luzi pa athanziwo, kuti pa masika mbeu icokere pamenepo. Mwana amene waona ici ndi maso ace sadzaiwala.

Mtumwi Paulo, polembera Akorinto, anafanizira Eklesia ndi thupi la ziwalo zambiri zosiyana, nawaphunzitsa kuti ziwalo zooneka zofoka ndizo zofunika. Mlengi anaika lamulo lomwelo m'munda. Mcewere wa mlimi wosauka wa ku Togo unalibe dzina m'mabuku, koma tsiku la tsoka unafunidwa ndi akuru a nzeru. Cotero tisapeputse mbeu iri yonse imene makolo anatisiyira, kapena mbale ali yense wokhala pa mphasa ya kumbuyo m'nyumba ya Mulungu. Pakuti sitidziwa mwa yani wabisa mphamvu imene tidzaisowa mawa. Tikhale adindo okhulupirika a nkhokwe zathu, ndipo Mwini zokolola adalitse nchito ya manja anu.