Gondolosi Akutha Kutchire: Mmene Tingamubzalire Ndi Kumusamalira Pakhomo

Munthu akamayenda m'misika ya mumzinda wa Mzuzu, kuchokera ku Luwinga mpaka kukafika ku depoti ya mabasi, sachedwa kukumana ndi anyamata atanyamula timitolo ta mizu yotuwa imene tonse timaidziwa ndi dzina loti gondolosi. Ogula ndi ambiri, makamaka abambo, koma ochepa okha ndi amene adaonapo chomera chimene mizuyi imachokera. Chomwe amadziwa ndi fungo lake lokoma, ndi kakomedwe kake kowawa pang'ono poyamba kenaka n'kutsekemera m'kamwa. Tikafunsa kuti mizu yonseyi adabzala ndani, yankho n'lakuti yochuluka palibe adaibzala. Imangokumbidwa m'nkhalango, ndipo wokumbayo akachoka pamalopo pamatsala dzenje lokha.

Gondolosi ndi chomera choyanga chimene chimakwera m'mitengo pozungulira nthambi zake, ndipo chimatha kutalika mamita 3 mpaka 6, nthawi zina kupitirira apo. Masamba ake ndi aakulu, ooneka ngati mtima, ndipo amamera awiriawiri moyang'anizana. Pakati pa masamba awiriwo pamakhala kachinthu ka manomano kozungulira tsinde, kamene ndi chizindikiro chabwino chomuzindikirira. Mukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Maluwa ake, amene amatuluka nyengo ya mvula, ndi ofiira moderapo m'kati, ndipo fungo lake silokoma ngati la mizu. Akatswiri a zomera amamutcha Mondia whitei. Joseph Dalton Hooker wa ku Kew, ku England, ndiye adamulemba koyamba m'mabuku a sayansi mu 1871, atalandira chomerachi kuchokera kwa mlimi wina wa ku Natal dzina lake White. Dzina loti Mondia lidabwera mu 1911 kuchokera ku mawu a Chizulu oti umondi. Ku Kenya amati mukombero, ku Uganda amati mulondo. Fungo lokoma la mizu ija limachokera ku mankhwala achilengedwe ofanana kwambiri ndi amene amanunkhiritsa vanila.

Vuto la gondolosi lili poti chimene anthu amafuna ndi muzu. Mtengo wa mango timathyola zipatso n'kuusiya uli moyo, koma chomera chimene tazula mizu yake yonse sichiphukanso. Ku South Africa chomerachi chidaikidwa kale pa mndandanda wa zomera zimene zili pangozi yotheratu, chifukwa cha kukumba kosalekeza kotumiza ku misika ya mankhwala azitsamba. Ku Kenya, alimi ozungulira nkhalango ya Kakamega adayamba kumulima m'minda mwawo mothandizidwa ndi mabungwe a kafukufuku monga ICIPE, pofuna kuti nkhalangoyo ipume. Kuno kwathu lamulo la zankhalango la 1997, limene lidakonzedwanso mu 2020, sililola munthu kutenga zinthu m'nkhalango yotetezedwa monga ya Kaning'ina popanda chilolezo. Komabe tonse tikudziwa kuti lamulo lokha silingaletse mnyamata amene alibe pena popezera chakudya. Chimene chingamuletse n'kukhala ndi gondolosi wakewake kuseri kwa nyumba.

Ena angadabwe kuti nkhani yotere ikupezeka bwanji pa tsamba la dayosizi. Mu 2015 Papa Francis adalemba kalata ya Laudato Si', yotikumbutsa kuti dziko lapansi ndi mudzi wathu tonse ndipo cholengedwa chilichonse chili ndi mtengo wake pamaso pa Mulungu, ngakhale chija sitikuchiona phindu. Ambuye John Ryan, amene adaphunzitsa masamu zaka zambiri pa Mzuzu University ku Luwinga konkuno asanakhale episkopi mu 2016, adalimbikitsa kwambiri akhristu a dayosizi ino kusamala chilengedwe. Koma tikamati kubzala mitengo, ambirife timangoganiza za paini ndi bulugamu. Zomera zakwathu zimene makolo athu ankazidalira, palibe amazikumbukira pa tsiku lobzala mitengo.

Tisabise, ambiri amagula gondolosi pokhulupirira kuti amawonjezera mphamvu za m'banja. Mu 2008 Dr. Fanuel Lampiao wa ku College of Medicine ku Blantyre pamodzi ndi anzake adafalitsa kafukufuku woonetsa kuti madzi a mizuyi amawonjezera kayendedwe ka mbewu ya abambo. Kafukufukuyo adachitikira m'labotale, osati m'matupi mwa anthu otafuna mizu, choncho tisathamangire kunena kuti gondolosi amachiza kusabereka. Banja limene likusowa mphatso ya mwana lipite limodzi kuchipatala, bambo ndi mayi, kaya ku Mzuzu Central Hospital kapena ku St. John's, m'malo molozana zala. Amene akumwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV ayambe afunsa dokotala asanayambe kutafuna mizuyi mowirikiza. Anthu ena amangoigwiritsa ntchito pofuna kudzutsa chilakolako cha chakudya, kukhazika m'mimba kapena kununkhiritsa tiyi, ndipo m'maiko ena masamba ake amaphika ndiwo ndi kudyetsa ziweto.

Tsono tibwere ku kabzalidwe. Njira yosavuta ndi ya njere. Zipatso za gondolosi zimabala ziwiriziwiri ngati nyanga, zonenepa pakati, zotalika pafupifupi masentimita 8 mpaka 12. Zikakhwima zimang'ambika zokha, ndipo njere zake, zimene zili ndi ubweya woyera ngati thonje, zimauluka ndi mphepo. N'chifukwa chake tiyenera kuthyola chipatso chikangoyamba kuuma ndi kuonetsa mng'alu, n'kuchiika m'thumba la pepala pamthunzi kuti chikatsegukire m'menemo. Njerezi sizichedwa kufa mphamvu. Zosunga mpaka chaka chamawa zambiri sizimera, choncho ndi bwino kufesa zikadali zatsopano.

Apa tiyenera kuchenjezana kwambiri. Gondolosi ali ndi mbale wake woopsa, kombe, amenenso ndi chomera choyanga chobala zipatso ziwiriziwiri za njere zaubweya. Kombe ndiye makolo a ku Chigwa cha Shire ankapaka ku mivi posaka nyama, ndipo John Kirk, amene adayenda ndi David Livingstone, adaona yekha kuti poizoni wake amachedwetsa kugunda kwa mtima. Njere zochepa chabe zingaphe munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti zipatso za kombe ndi zazitali ndi zowonda, masamba ake ndi aubweya okhakhala, ndipo ubweya wa njere yake umakhala kunsonga kwa kaphesi kakatali, pamene wa gondolosi umamera panjere penipeni. Amene sakuzindikira bwino asatole njere kutchire. Apite ndi tsamba ndi chipatso kwa alangizi a zankhalango, kapena apemphe mbewu kwa munthu amene ali kale ndi chomera chodziwika. Ndipo pogwira chomera chilichonse cha utomoni woyera tisamale kuti utomoniwo usalowe m'maso.

Pofesa tichotse ubweya uja, tidzaze machubu ndi dothi lakuda losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino. Njere tisaikwirire kwambiri. Kadothi kochepa pamwamba n'kokwanira. Machubu akhale pamthunzi wa udzu, ndipo tizithirira kuti dothi likhale lonyowa koma losadikha madzi. Kukamatentha njere zimamera pakatha masabata awiri kapena atatu. Kuno ku Mzuzu kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumachedwetsa mbande, choncho nazale iyambe cha mu Seputembala kuti pofika Disembala mbande zikhale zitakwana kuwokera. Izi zikugwirizana bwino ndi nyengo yobzala mitengo m'dziko muno, imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Amene alibe njere angathe kudula tsinde lokhwimirapo lokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, kapena kachidutswa ka muzu, n'kubzala m'chubu momwemo, ngakhale kuti si zonse zimene zimagwira.

Malo owokerapo ndiwo ofunika kuwaganizira mofatsa, pakuti gondolosi ndi mwana wa m'nkhalango. Amafuna kuti mizu yake ikhale pozizira ndi ponyowa, nsonga yake n'kumakwera kufuna dzuwa. Pa dzuwa la phwee ndi dothi louma amapinimbira. M'dambo modikha madzi mizu imawola. Tikumbe dzenje lakuya ndi lotambalala pafupifupi theka la mita, tisakanize dothi ndi kompositi, chifukwa mizu imanenepa bwino m'dothi lofewa ndipo tsiku lokumba sitidzavutika. Pamwamba tiphimbire ndi masamba ouma, koma asakhudze tsinde poopa chiswe.

Chokwerapo chikhalepo kuyambira tsiku lowokera. Mtengo waukulu monga mkuyu, katope kapena mango wakale umachita bwino, ndipo mmera ubzalidwe patali pang'ono ndi tsinde la mtengowo, n'kuulondolera ndi kamtengo kapena chingwe. Pa mtengo waung'ono wa zipatso ayi: masamba a gondolosi ndi aakulu ndipo akhoza kuuphimba mpaka kuleka kubala. M'mapuloti ang'onoang'ono a ku Luwinga, kumene mitengo ikuluikulu ndi yosowa, mpanda wolimba kapena mitengo yomangira waya, monga timachitira ndi magalagadeya, zikwanira. Chaka choyamba tizithirira kawiri pa sabata m'chilimwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Chomera chikataya masamba ena nthawi yachilimwe tisaganize kuti chafa. Chimaphukanso mvula ikagwa. Nsabwe za zomera zikaunjikana kunsonga, madzi a sopo amazichotsa. Mankhwala a m'botolo opopera mbewu tiwapewe, popeza muzuwu udzalowa m'kamwa mwa munthu. Mbuzi nazo zimawakonda masambawa, choncho mmera waung'ono utchingidwe.

Kukolola kumafuna kudekha. Mizu imakula mokwanira pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo tisakumbe chomera chisanabale zipatso n'kutipatsa njere. Nthawi ikakwana tifukule mbali imodzi yokha, tidule mizu ingapo yam'mbali ndi mpeni wakuthwa, tisiye muzu waukulu ndi ina yonse, kenaka tikwirirenso ndi manyowa n'kuthirira. Mbali inayo idikire chaka china. Mizu yodulayo itsukidwe ndi kuumitsidwa pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa lamphamvu limathawitsa fungo limene ogula amafuna.

Mphakati umodzi wa m'parishi ya St. Augustine utakhala ndi machubu 50 okha kuseri kwa nyumba ya mmodzi wa akhristu, banja lililonse lingatengeko mbande ziwiri kapena zitatu mvula ikayamba, zotsala n'kupatsa anyamata aja amene amagulitsa mizu pamsika.