Poliyesitala: Pulasitiki Yobisala M'zovala

Botolo la madzi akumwa ndi jezi ya timu ya mpira zimaoneka zosiyana kutalitali, komatu gwero lake ndi limodzi. Akatswiri amachitcha chinthuchi PET, ndipo chikakhala ulusi wa nsalu dzina lake ndi poliyesitala. Masiku ano, ulusi wopitirira theka la ulusi wonse wopangidwa padziko lapansi ndi umenewu, ndipo wambiri umachokera ku China.

Anautulukira mu 1941 ndi John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Calico Printers' Association ya ku Manchester, m'dziko la England. Ku Britain ankaugulitsa pa dzina la Terylene, pamene ku America kampani ya DuPont inautcha Dacron.

Ulusiwu sumera m'munda ngati thonje. Amatenga mankhwala awiri ochokera ku mafuta okumba pansi, terephthalic acid ndi ethylene glycol, n'kuwatenthetsa pamodzi mpaka tizigawo take titalumikizana m'mizere italiitali. Phala lotenthalo amalikankha kuti lidutse pachitsulo cha timabowo ting'onoting'ono. Likatuluka limazizira n'kuuma, kenako makina amalikoka kuti ulusiwo ulimbe.

Ubwino wake ndi kuipa kwake zonse zagona pa upulasitikiwo. Poliyesitala amamwa chinyezi chosakwana 1 peresenti ya kulemera kwake, pamene thonje limamwa pafupifupi 8 peresenti. N'chifukwa chake yunifolomu yochapidwa madzulo imakhala itauma pofika m'mawa, ngakhale m'nyengo yamvula. Nsaluyi sichita makwinya wambawamba, sifupika ikachapidwa, sisuluka msanga, ndipo njenjete siziidya. Maneti ambiri oteteza ku udzudzu ndi a ulusi womwewu.

Koma dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, nsalu yosamwa thukuta imamatirira pakhungu n'kusunga fungo. Moto nawo ndi mdani wake: imasungunuka pa madigiri pafupifupi 260, ndipo simbi yamakala ikatentha kwambiri imasiya chipsera chonyezimira, mwinanso bowo. Choopsa kwambiri n'chakuti chitenje cha poliyesitala chikagwira moto wa pambaula, nsalu yosungunukayo imakakamira pathupi n'kuotcha kwambiri.

Matelala ndi ogulitsa kaunjika ena ali ndi njira yodziwira nsalu. Amasolola ulusi m'mphepete n'kuuyatsa ndi machesi. Wathonje umayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Wapoliyesitala umakhwinyata, umatulutsa utsi wakuda, ndipo umasiya kampira kolimba kosafikisika ndi zala.

Vuto lina limadza chovala chikatha. Chikatayidwa kudzala chimakhala zaka zambirimbiri osaola, ndipo pochapa chimataya tiulusi tosaoneka ndi maso timene timakathera m'mitsinje ndi m'nyanja.

Choncho musanalipire, yang'anani kansalu kosokeredwa mkati mwa chovala. Kakalembedwa kuti 100% polyester, chapani ndi madzi ozizira, sitani ndi simbi yosatentha kwambiri, ndipo musachivale pophika.