Mwana Ayambe ndi U wa Uta, Apulo Adzabwera Pambuyo

Kucokera mu Januwale 2022 pamene boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, kuyambira m'makalasi a ana aang'ono kufikira Giredi 12, makolo ambiri a kumidzi ali kutumiza tiana tawo ta zaka 4 ndi 5 kusukulu. Pamodzi ndi tianato pabweranso mapepala a zilembo. Aphunzitsi ena ndi makolo amene ali ndi foni amawatenga pa intaneti ndi kukawasindikiza m'masitolo a ku Chipata, Katete kapena Petauke. Pa pepala pamakhala cilembo cacikulu ca timadontho coti mwana alondole ndi pensulo, ndiponso cithunzi coti apake utoto.

Mapepalawo ndi abwino, koma ambiri a iwo anakonzedwera ana olankhula Cingelezi. Pa cilembo A pali cithunzi ca apulo, cipatso cimene mwana wa ku Chadiza mwina sanacilawepo. Coipa koposa ndi cakuti mwanayo amaloweza kuti cilemboco ndi "ei", ndipo E ndi "i". Tsiku lomupatsa liwu lakuti "amama" kuti awerenge, lilime limamangika, pakuti zimene analoweza sizigwirizana ndi zimene amalankhula.

Cinyanja cili ndi mwayi umene Cingelezi cilibe. Mavawelo ake ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo liri lonse limachulidwa cimodzimodzi pali ponse pamene lapezeka. Mwana akadziwa asanuwa ndi kuphunzira m, wapeza kale ma, me, mi, mo, mu, ndipo angathe kuwerenga yekha "amama" ndi "mame". Akaonjezera t, "moto" ndi "atate" zili m'manja mwake. Sayenera kudikira kufika pa Z kuti alawe kukoma kwa kuwerenga. Q ndi X zingayembekeze, popeza mau a Cinyanja sazifuna.

Cotero pepala lothandiza ndi limene mphunzitsi wajambula yekha ndi kukalicurukitsa pa makina. Cithunzi cikhale ca cinthu ca pakhomo: uta pa U, galu pa G, dengu pa D, fulu pa F. Posankha mau pafunika nzeru. Pa M "moto" ndi wabwino kuposa "mbuzi", cifukwa mu "mbuzi" m wagwirana ndi b, ndipo khutu la mwana silingamulekanitse. Zilembo zophatikiza zidikire mpaka mwana atakhwima pa zosavuta. Pamenepo adzasangalala kuona kuti h mmodzi asiyanitsa "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola", ndi kuti kacizindikiro kamodzi kasiyanitsa ng'oma yoimba pa gule ndi ngoma ya m'chire.

Pali cinanso cimene ambiri saciona. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unabvomereza mu 1977 amalemba "cimanga" ndi "nchito", pamene ku Malawi amalemba "chimanga" ndi "ntchito". Cilankhulo ndi cimodzi, koma kholo logula pepala locokera kutsidya kwa malire a Mwami lidziwe kuti mwana adzapeza kalembedwe kosiyana m'mabuku a kuno.

Dzanja la mwana wa zaka 4 silinalimbe, ndipo kumukakamiza kudzaza pepala lonse ndi pensulo kumangomudanitsa ndi sukulu. Ayambe walemba cilemboco ndi cala pa mcenga, kenaka aciumbe ndi dothi monga amaumbira ng'ombe zake zosewerera. Pa pepala angamate njere za cimanga kapena nyemba motsata timadontho, pogwiritsa nchito phala la ufa wa cinangwa m'malo mwa guluu, koma wamkulu akhale pafupi, pakuti ana amakonda kuika njere m'mphuno. Cilembo cimodzi cikwanira masiku angapo. Zilembo b ndi d zisaphunzitsidwe sabata imodzi, cifukwa zimafanana monga mapasa ndipo ana amazitembenuza.

Kholo losadziwa kuwerenga nalonso lili ndi mbali yake. Likamva mwana akuchula "mmm", lingamufunse kuti apeze zinthu zina za pakhomo zoyamba ndi liwu lomwelo, monga madzi, mafuta ndi malasha. Pepala likasungidwa m'thumba la pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi mvula, lidzathandizanso mng'ono wake caka camawa.