Matchuthi a Chikhristu pa Kalendala ya Boma

Boma likatseka maofesi ndi makhothi pa 25 Disembala, limakhala lalemekeza tsiku la chipembedzo chimodzi, ngakhale malamulo ake atanena kuti silikondera. Maiko amayendetsa nkhaniyi mosiyana, ndipo kawirikawiri kalendala imatsata mbiri ya anthu kuposa zolembedwa m'malamulo.

Ku France, lamulo la mu 1905 linalekanitsa boma ndi tchalitchi, koma mwa masiku 11 a tchuthi m'dzikomo, 6 ndi achikhristu, kuphatikizapo la kukwera kumwamba kwa Yesu ndi la Oyera Onse pa 1 Novembala. Dera la Alsace-Moselle, lomwe m'chakacho linali m'manja mwa Germany, limapumanso Lachisanu Loyera ndi pa 26 Disembala. Ku America, malamulo a mu 1791 amaletsa boma kukhazikitsa chipembedzo, komabe Khrisimasi idasanduka tchuthi cha boma mu 1870. Makhothi akumeneko amati tsikuli pano ndi la mabanja ndi kupuma kwa aliyense, mfundo yomwe Mkhristu wodzipereka sangaimve bwino.

Anansi athu adatenga njira ziwiri zotsutsana. Mozambique, italandira ufulu mu 1975, idasunga tsiku la 25 Disembala koma n'kulitcha Tsiku la Banja. Ku Zambia, Frederick Chiluba adalengeza mu 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, ndipo mawuwo adalowa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1996.

Malawi ali pakati. Malamulo a mu 1994 sasankha chipembedzo cha boma, ndipo gawo 33 limapatsa aliyense ufulu wopembedza. Anthu amapuma Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, pa Khrisimasi ndi tsiku lotsatira. Pa 15 Januwale dziko limakumbukira John Chilembwe, m'busa wa ku Mbombwe, koma chifukwa cha kuukira atsamunda mu 1915.

Chimene Malawi adachita bwino kuposa France ndi America ndi kuwonjezera Idi yotsekera Ramadani, poganizira Asilamu omwe kalembera wa mu 2018 adapeza kuti ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse. Tsikuli limadalira kuoneka kwa mwezi, choncho ogwira ntchito amatchera khutu ku wailesi madzulo kuti adziwe ngati mawa kuli ntchito. Komabe muyeso sunafanane: Idi yachiwiri, ya nsembe, si tchuthi, ndipo Msilamu wa ku Mangochi wolembedwa ntchito amayenera kupempha chilolezo kuti akapemphere.