Makina Oweruza Chingerezi cha Ophunzira

Lero tikambe za makina a kompyuta otchedwa AI, amene alowa m'sukulu zophunzitsa Chingerezi m'maiko ambiri, ndiponso za mlandu umene abwera nawo.

M'mwezi wa November, 2022, kampani ya OpenAI ya ku America inatulutsa ChatGPT. Munthu akawapempha makina amenewa, amamulembera chimangirizo cha Chingerezi m'kamphindi. Aphunzitsi anaopa kuti ana adzaleka kulemba okha, motero ambiri anathamangira makina ena oti azigwira obera.

Tsono mverani chimene chinapezeka. Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anayesa makina 7 ogwirira obera. Anawapatsa zimangirizo 91 za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene sanabadwe nacho Chingerezi. Makinawo ananena kuti zoposa theka zinalembedwa ndi kompyuta, pamene eni ake anazilemba okha. Koma atawapatsa zolemba za ana a sukulu a ku America, sanalakwitse kwambiri.

Chifukwa chake nchiyani? Makina amenewa amayang'ana ngati mawu ali ozolowereka ndi osavuta kuwalosera. Wophunzira chinenero chachilendo ali ndi mawu ochepa, ndipo amabwereza omwewo amene akuwadziwa bwino. Mwa ichi makina amamuyesa kompyuta, ndipo mwana wokhulupirika akhoza kutchedwa wakuba. OpenAI yomwe inachotsa makina ake ogwirira obera mu July, 2023, popeza ankalakwitsa kawirikawiri.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Zonse zimene mwana alemba m'makinamo zimapita kwa kampani yakutali. Boma la Italy linaimitsa ChatGPT kwa kanthawi mu 2023 chifukwa cha zimenezi, ndipo chaka chomwecho bungwe la UNESCO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 13 asamagwiritse ntchito makina otere m'kalasi.

Inu aphunzitsi, musalange mwana chifukwa makina amuloza chala. Muitaneni, mumufunse tanthauzo la mawu amene walemba, ndipo alembe ndime ina pamaso panu. Inu makolo, funsani kusukulu kumene zolemba za ana anu zikusungidwa. Ndipo inu ophunzira, lembani nokha ngakhale mulakwitse, pakuti mphunzitsi sangakonze cholakwa chimene sanachione.

Tsalani bwino.