Kuyang'ana ndi Kuona: Ntchito ya Ubongo m'Migodi ya ku Rustenburg

M'Chicheŵa, aneni akuti kuyang'ana, kuona ndi kucheuka sanena chinthu chimodzi. Munthu angathe kuyang'ana koma osaona. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti kusiyana kumeneku kuli ndi maziko m'kagwiridwe ntchito ka ubongo, ndipo chitsanzo chathu tachitenga ku migodi ya platinamu ya ku Rustenburg, kumene amakumba mwala wa Merensky Reef umene unapezeka m'chaka cha 1924.

Tiyambe ndi kuyang'ana. Diso lililonse limatembenuzidwa ndi minofu 6. Mbali ya diso imene imaona bwino kwambiri ndi yaing'ono: imakwanira malo ofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu munthu atatambasula mkono. Chifukwa cha ichi diso silikhazikika, koma limalumpha pafupifupi katatu pa sekondi iliyonse. Louis Émile Javal wa ku Paris analongosola kulumphaku m'zaka za m'ma 1870, ponena za anthu oŵerenga.

Nanga chimasankha polumphira ndi chiyani? Pali olamula aŵiri. Woyamba ndi kachigawo ka mkati mwa ubongo kotchedwa superior colliculus, kamene kamathamangitsira diso ku chilichonse choŵala kapena choyenda mwadzidzidzi. Uku ndiye kucheuka, ndipo kumachitika munthu asanaganize. Wachiŵiri ali kutsogolo kwa ubongo. Iyeyu amatsata cholinga cha munthu ndi kuletsa diso kutengeka ndi zocheukitsa. Alfred Yarbus, m'buku lake limene linatuluka m'Chingerezi mu 1967, anasonyeza kuti maso amayenda mosiyana pa chithunzi chimodzimodzi malinga ndi funso limene woyang'anayo wafunsidwa.

Tsono taganizani za mmisiri pansi pa mgodi. Malo okumbamo ndi opanikiza, kuunika ndi kwa nyali ya pachipewa, ndipo nyali za anzake, fumbi ndi makina oyenda zimakoka diso lake mbali zonse. Komabe moyo wake uli pa mng'alu waung'ono wa m'thanthwe la pamwamba, umene suŵala ndiponso suyenda. Wolamula woyambayo sangaupeze. Aupeza ndi wachiŵiri yekha, ngati munthuyo akudziŵa chimene akufunafuna. Ngakhale diso litagwera pomwepo, kuona sikutsimikizika. Mu 1999 Daniel Simons ndi Christopher Chabris anapeza kuti pafupifupi theka la anthu amene anatanganidwa kuŵerenga kuponyerana kwa mpira sanaone munthu wovala ngati nyani wamkulu akudutsa pakati pa oseŵerawo.

Apa ndi pamene pali ntchito ya ife akatswiri a zilankhulo. Funso limene munthu wapatsidwa ndilo limatsogolera maso ake, choncho mau a malangizo si nkhani yaing'ono. Womasulira akalemba kuti "yang'ana pamwamba" watuma diso lokha. Akalemba kuti "funafuna mng'alu pamwamba" wapatsa ubongo cholinga. Omasulira mabuku a chitetezo m'Chicheŵa, m'Setswana kapena m'Sesotho ayenera kusankha mneni mosamala monga momwe mmisiri amasankhira popondapo.