Ku JUCO palibe kochi adzagogode pakhomo panu

Mng'ono wanga ali m'chaka chomaliza ku high school, foni yake inangoti zii. Palibe kochi wa koleji ngakhale mmodzi amene anaimba. Ndiye tinayamba kuyang'ana JUCO, makoleji a zaka ziwiri aja. Amayi atamva anati, "Si kopita olephera kumeneko?" Ayi ndithu. Jimmy Butler anayambira ku Tyler Junior College ku Texas, kenako Marquette, mpaka Chicago Bulls inamutenga mu 2011.

Koma kumeneku umadzitsatsa wekha. Poti ine ndi wa makompyuta, ndinakonza kavidiyo ka mphindi 3, madanki okhaokha, n'kumadzimva. Kochi woyamba kuyankha imelo sanakatchule n'komwe. Anapempha gemu yathunthu, kuti aone ngati mwanayo akalandidwa mpira amathamanga kukatchinga kapena amangoyenda akudandaulira refa. Anapemphanso magiredi.

Za ndalama funsani msanga, abale, osachita manyazi. Mu NJCAA, Division I imaloledwa kulipira fizi, chakudya ndi pogona. Division II imathera pa fizi ndi mabuku. Division III sipereka sikolashipu ya masewera, ndipo makoleji a ku California, omwe ali ndi bungwe lawolawo, nawonso sapereka. Komanso kuloledwa sikutanthauza kuti timuyo ndalamazo ili nazo.

Tinatumiza maimelo 40, anayankha makochi atatu. Anasankha ya Division II, lendi timagawana ine ndi adadi. Amayi aja pano saphonya gemu pa laputopu, ndipo okalipira refa ndi iwowo.